Momwe tinakonzera renji ya mamita 300 pa famu ku Salima

Eni famu atandiitana kuti alonda athu akhale ndi malo oyeserera mfuti, iwo ankangoganiza za bwalo losalala ndi matabwa a chandamale kumapeto kwake. Ine ndinapuma usilikali, ndipo ku MAFCO, sukulu ya asilikali kuno ku Salima, anatiphunzitsa kuti ukamasankha renji, malo oyeserera mfutiwo, uyambe wayang'ana kuseri kwa chandamale. Chipolopolo cha 7.62, cha mfuti za asilikali, chikauluka mokwera chimakagwa pafupifupi makilomita 4 kutsogolo. Ngakhale kamfuti ka .22, komwe ena amakayesa choseweretsa, kamapitirira kilomita imodzi ndi theka.

Ntchito yoyamba inali ya miyendo. Mapu a pa foni amaonetsa nyumba ndi misewu, koma sangakuonetseni kanjira ka amayi otola nkhuni, pomwe abusa amamwetsera ng'ombe, kapena uvuni ya makala yobisika m'thengo. Tinayenda dera lonselo ndi mlonda wobadwira konkuno, m'mawa ndi madzulo, pa tsiku la msika ndi tsiku wamba. Malo omwe eni famu anawakonda tinawasiya chifukwa ankaloza kunyanja. Chipolopolo chikamenya madzi chimanjanja n'kupitirira, ndipo simungadziwe kuti bwato la asodzi lili pati. Tinasankha chigwa chomwe kumapeto kwake kuli kaphiri, ndipo kuseri kwa kaphiriko ndi malo a famu omwewo.

Mwamwayi chigwacho chikuloza kum'mwera. Renji yoloza kum'mawa kapena kumadzulo imakuthobwani m'maso, ndipo kuno kwathu dzuwa limapendekera kumpoto miyezi yambiri ya chaka, makamaka mu Juni ndi Julayi, choncho woombera limamuwalira kumsana.

Tisanakumbe kalikonse tinapita ku polisi. Lamulo la mfuti m'dziko muno limafuna laisensi pa mfuti iliyonse, ndipo zathu zinali nazo kale, koma tinalembabe kalata yofotokoza malo, mtundu wa mfuti, ndi amene aziyang'anira. Anabwera kudzaona okha. Tinakafunsanso ku khonsolo kwa oona za chilengedwe, pa nkhani ya phokoso ndi mtovu wa m'zipolopolo wotsala m'dothi.

Kwa amfumu ndi kumene kunatenga nthawi, ndipo m'pake. Malowo ndi a famu, inde, koma ng'ombe siziwerenga mapepala a lizi. Tinakhala pa mkeka, ine n'kufotokoza za mbendera zofiira ndi zikwangwani. Agulupu anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati: "Bambo, mwanena bwino. Nanga mwana wa zaka zisanu ndi zitatu amene ali ndi mbuzi, chikwangwani chanucho awerenga?"

"Wawa, mfumu. Tiuzeni inuyo chochita."

Anagamula kuti kuombera kuzichitika Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa basi, kuti dzulo lake uthenga uziyenda m'mudzi, ndiponso kuti anyamata awiri a m'mudzimo aziima pa tinjira tolowera m'chigwacho, famu n'kumawalipira. Anyamatawo tinawapatsa wenzulo ndi foni. Mmodzi akangoimba wenzulo, mfuti zonse pansi, popanda kufunsa chifukwa.

Kenako khoma la dothi loimitsa zipolopolo. Apa ndi pomwe ndalama zinathera, ndipo amene akufuna kusunga ndalama pa khoma ndi bwino asayambe n'komwe. Lathu tinalikweza mamita 6, n'kulipatsa mapiko mbali zonse ziwiri. Woyendetsa katapila ankafuna kungokankha dothi la pomwepo, koma linali lodzaza miyala, ndipo mwala umabweza chipolopolo kumene sukufuna. Makande a kudambo nawonso tinawakana pa nkhope ya khoma: mu Okutobala amauma gwa, n'kung'ambika ming'alu yoti dzanja limalowa. Pakati tinaika dothi wamba, tikumathira madzi ndi kutsendera gawo ndi gawo, ndipo kutsogolo konse tinakuta ndi mchenga wokhuthala mita imodzi. Aganyu anausefa ndi waya wa nkhuku wopinda kawiri, ndipo timiyala timene tinatsala tinadzaza mawilibala. Mvula yoyamba itagwa tinabzala vetiva m'munsi ndi kuseri kuti khoma lisakokoloke.

Zandamale ndi za pepala, zomatidwa pa mafelemu a matabwa ofewa. Zachitsulo ndinazikana, chifukwa chitsulo cha m'magalaja mwathu chimachita zibowo n'kumamwaza zidutswa. Mafelemuwo ali pafupi kwambiri ndi khoma, ndipo amene amasuntha ndi anthu oombera: pali mzere wa mamita 100, wa 200 ndi wa 300, uliwonse wokwezedwa pang'ono ndi dothi. Mukachita mosemphanitsa, kuika chandamale pakati pa bwalo, chipolopolo chikaboola pepala chimamenya pansi n'kudumpha khoma. Mitunda tinayeza ndi tepi ya mamita 50, osadalira GPS ya pa foni yomwe imaphonya ndi mamita angapo.

Amene anazolowera kuombera pa mamita 50 amadabwa ndi mphepo ya kunyanja. Mwera ukayamba, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, umabwera chopingasa kuchokera kumanzere kwathu. Mphepo ya makilomita 16 pa ola ikamenya m'mbali mwenimweni imakankha chipolopolo cha 7.62 pafupifupi masentimita 20 pa mamita 300. Tinazika nsungwi pa mamita 100 aliwonse n'kumangirira tinsalu topepuka kuti munthu aziona yekha. Nyengo yotentha imabwera ndi zake: ikangokwana 9 koloko mpweya wa pamwamba pa nthaka umavina, chandamale n'kumaoneka ngati chili m'madzi. Oyesa mfuti zawo amayamba kukangocha, atavala zotseka m'makutu.

Vuto lomwe tikulimbana nalo panopa ndi mtovu. Ana a kunyanja amadziwa kuti mtovu ndi wolemetsera mbedza ndi maukonde, ndiye anayamba kubwera Lamlungu kudzafukula khoma ndi timitengo, ena n'kumauluma kuti upindike pa chingwe. Mtovu ndi poizoni, makamaka kwa mwana. Tazungulitsa waya, ndipo mvula isanayambe timasefa mchenga wa kutsogolo titavala magolovesi ndi zotseka pamphuno, zotsalazo n'kutsekera mu mgolo ku sitolo ya famu. Agulupu aitanitsa makolo Loweruka likudzali kuti tikakambirane za anawo.