Zikomo nonse amene munandithandiza kukaphunzira za mizu ya mano a agalu

Abale ndi alongo a kuno ku Mangochi, ndabwerako ku South Africa ndipo satifiketi ili m'manja. Maphunziro owonjezera aja, okonza dzino la galu kapena mphaka mpaka kumuzu m'malo molizula, ndamaliza. Azungu amati root canal.

Ndiyambe ndi amayi a kunyumba. Ine kulibe, sukulu fizi ya ana inali pamutu panu, mbuzi nazonso zinadwala nthawi yomweyo, koma pa foni mumangoti "zonse zili bwino bambo, werengani." Zikomo mayi. Amayi a banki m'khonde amene munavomera kutikongoza ya thiransipoti, ngongole yanu sindinaiwale, mwezi uno ndiyamba kubweza. Achimwene a ku Johannesburg, munandigoneka m'chipinda chanu chimodzi chomwecho, m'mawa kuli chisisira n'kundiperekeza kokakwera basi musanapite kuntchito. Anthu amanena zambiri za anyamata athu a ku Joni, koma ine ndadya nsima yanu, ndaona mmene mumaipezera.

Ndikunyamuka ena anaseka. Mkulu wina pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi anandifunsa kuti, "Adokotala, nkhuku zikutha ndi chitopa, inu mukukaphunzira mano a galu?" Funsolo ndi lomveka, ndipo katemera wa chitopa ndi wa chiwewe sindisiya. Koma galu wathyoka dzino samadandaula. Amadya ndithu, kungoti amatafunira mbali imodzi, ndiye mwini wake amati ali bwinobwino. Chikhalirecho mkati mwa dzino muli kanjira ka mitsempha ndi magazi, ndipo dzino likathyoka mpaka kanjirako kuonekera, tizilombo timalowa n'kutsika mpaka kunsonga ya muzu. Mafinya amasonkhana m'fupa. Galu wotupa kunsi kwa diso amene anthu amati walumidwa ndi njuchi, nthawi zambiri ndi dzino lalikulu lakumwamba, lija amaphwanyira mafupa, lomwe laola muzu.

Galu wamkulu ali ndi mano 42, mphaka 30. Ambiri mwa manowa akawonongeka kuzula n'kokwanira, ndipo ndipitiriza kuzula. Koma mano anayi aatali akutsogolo aja ndi nkhani ina. Muzu wake ndi wautali kuposa mbali imene timaiona kunja, moti kulizula ndi opareshoni yeniyeni, yocheka usinini ndi kusema fupa la chibwano. Kwa galu wolondera pa loji ku Nkopola kapena ku Monkey Bay, dzino limenelo ndiye chida chake chantchito.

Aphunzitsi athu, zikomo chifukwa cha kuleza mtima. Tinkaphunzirira pa mitu ya agalu akufa kale, ndipo tsiku lililonse zinali zomwezomwezo: kuboola kabowo pa dzino, kulowetsa timafayilo toonda ngati singano kuti tichotse zonse zowola, kuyeza kutalika kwa muzu pojambula X-ray, kutsuka ndi sodium hypochlorite, amene ndi mankhwala omwe aja ali mu Jik, kuumitsa, kenako kudzaza kanjirako ndi labala wotchedwa gutta-percha n'kumata pamwamba. Mafayilo a madokotala a mano a anthu amalekezera pa mamilimita 31, pamene pa dzino lalitali la galu wamkulu pamafunika ofika mamilimita 60. Mukasiya kampata kakang'ono kunsonga, chithunzi chimakuyalutsani ndipo aphunzitsi amangoti chotsani zonse, yambaninso. Msana unkachita kuwawa.

Mnzanga wa ku ofesi, munatenga midzi yanga yonse pa nthawi ya katemera wa agalu, njinga yamoto ikuvuta, dzuwa la kuno mukulidziwa. Sindinamve dandaulo ngakhale limodzi. Ndili nanu ngongole ya chambo chachikulu.

Ndithokozenso adokotala a mano a anthu amene munandilola kukhala pambali panu n'kumaonerera osandiona ngati wopenga. Dzanja langa linayamba kuzolowera kwa inu. Ndi eni loji ina m'mbali mwa nyanja amene munali oyamba kundikhulupirira ndi galu wanu nditangobwera: anathyola dzino poluma tcheni, tinamugoneka ndi mankhwala, tinakonza, ndipo tsopano wabwerera pa geti. Pakatha miyezi 6 tidzamujambulanso, chifukwa ntchitoyi imadziwika kuti yatheka pokhapokha fupa lozungulira muzu likaoneka kuti lapola.

Makina ojambulira mano ndilibe anga, ndimachita kubwereka, choncho ntchitoyi tizipangana tsiku, si yongofika n'kuchitiratu. Mtengo wakenso ndi wokwererapo kusiyana ndi kuzula, ndipo ndidzakuuzani poyera ngati dzino la galu wanu silingapulumuke. Mukaona dzino lathyoka ndipo pakati pali kadontho kofiira kapena kakuda, kapena dzino lasintha mtundu n'kukhala lotuwa, bwerani naye ndimuone. Mafupa olimba a miyendo ya ng'ombe musamawapatse, ndi amene amathyola mano kwambiri. Tsiku limene tapangana kuti timugoneke, m'mawa musamupatse chakudya.