Mng'ono wanga ndi sisitere, inde ameneyo

Loweruka ndinakwera minibasi pa depoti kukamuona mng'ono wanga kunyumba ya masisitere kumene akukhala, ndinamunyamulira shuga, sopo ndi mbatatesi zomwe ndinachita kusankha ndekha kwa Wakawaka, kufika uko iye kungolandira jumbo lonse nkukapereka kukhitchini, akuti kuno kulibe "ichi nchanga". Ndinaseka koma pansi pamtima zinandiwawa aise, mbatatesi zija ndinagulira iyeyo osati nyumba yonse.

Ali mchipani cha ma Teresian, chija anayambitsa Bishopu Mathurin Guillemé mu 1929 kuti atsikana a konkuno nawonso azilowa usisitere, osamangoonera azungu. Tsiku lomwe ananena kuti akupita kuusisitere, kunyumba kwathu kunali ngati kwagwa maliro. Amayi kulira, amalume kuchita kubwera kuchokera ku Nambuma, akuti mbumba ikutha apa, mwana tamuphunzitsa mpaka Fomu 4 ndiye azikangoyimba Aleluya? Ine ndemwe ndinamufunsa kuseri kuti kodi mnyamata wina wakukhumudwitsa eti, anangondiyang'ana.

Komatu usisitere sikungovala velo mawa lake ayi. Anayamba kaye kukhala nawo kuti aone moyo wake, kenako unovisi, nthawi yophunzira usisitere asanalumbire, foni osaigwiragwira, ife kumangomva za iye mwa apo ndi apo, ndiye malumbiro oyamba aja a umphawi, umbeta ndi kumvera, omwe amawabwereza kwa zaka ndithu asanachite amuyaya. Anzake ena amene analowa nawo limodzi anabwerera pakhomo, wina pano ali ndi ana awiri.

Chomwe chimandidabwitsa ine nchakuti masisitere a masiku ano si aja tinkawaopa ku tilitonse, maphunziro a ana aja a kutchalitchi. Mng'ono wangayu anamutumiza kusukulu ya unamwino, amayendetsa pikapu, lipoti amalemba pa laputopu, pa WhatsApp ya banja ndiye amatilowerera tikamakangana za ndalama za feteleza. Koma belu likangolira amakusiya uli pakati pa nkhani, ine anandisiya pa benchi ndi tiyi wanga mphindi 40 zathunthu.

Malipiro ake amapita kuchipani, apa ndiye amalume sanagwirizane nazobe mpaka lero. Chonsecho BP ikawakwera woyamba kumuimbira ndi yemweyo, ndipo pafonipo amachita kuti "Asisitere, mwadzuka bwanji", mwana amene ankamutuma fodya kugolosale.