Malume ndi fayilo yanga yopanda kanthu

Pa Kasungu pano tili ndi kagulu kathu ka anthu okonda zamakompyuta, ena anamaliza sukulu koma ntchito kulibe, ena ndi aphunzitsi, ena ngati ineyo timangotaipa ma CV a anthu pa shopu ya malume pafupi ndi depoti. Ndiye mnzathu wina, yemwe bambo ake anagulitsa bwino fodya ku Chinkhoma, anati tipange mpikisano, wopambana atenga bandulo ya mwezi wonse ndi nkhuku yamoyo. Funso lake losavuta: pulogalamu iwerenge kuyambira 1 mpaka 100, nambala yogawika ndi 3 izilemba "fodya", yogawika ndi 5 izilemba "mtedza". Koma za Python, chinenero chosavuta cholembera mapulogalamu, iwalani, aliyense apise m'chipewa atole kapepala, ndipo m'chipewamo munali zinenero zija anthu anazipanga dala kuti zizizunza anzawo.

Wina anatola Brainfuck, ya Urban Müller ya 1993, yomwe ili ndi zizindikiro 8 zokha basi, monga ma plus, ma minus ndi timivi. Mtsikana wina anatola INTERCAL, yakalekale ya 1972, imene imafuna uzilemba PLEASE apa ndi apo, ukalemba pang'ono imakana ati ndiwe wamwano, ukachulutsa imakananso ati ulemu wanyanya. Amene anatola Malbolge anangofunsa ngati ndalama yolowera imabwezedwa, ndipo sindimunena, chifukwa chinthucho Ben Olmstead anachitulutsa 1998 koma panadutsa zaka ziwiri pulogalamu yoyamba isanapezeke, ndipo inachita kusakidwa ndi kompyuta ina, osati mutu wa munthu.

Ine ndinatola Whitespace. Iyi inatuluka pa 1 April 2003, tsiku la zitsiru, anaipanga ndi Edwin Brady ndi Chris Morris, ndipo imawerenga zinthu zitatu zokha, space, tab ndi enter. Zilembo zonse imangozidumpha ngati palibe. Nambala umalemba mwa binary, kalembedwe ka ma 0 ndi ma 1 okhaokha, space ndi 0, tab ndi 1, ndiye chilembo chimodzi chokha ngati f, chomwe kwa kompyuta ndi nambala 102, uyenera kugogoda tab tab space space tab tab space, kutsogolo kwake ma space ena ouza makinawo kuti kukubwera nambala, kumapeto enter. Ukamaliza zonsezo pa sikirini pali mbee, ngati sunagwirepo.

Apa ndi pomwe malume analowerera. Madzulo makasitomala akatha ine ndimakhala pa kompyuta ya shopu, thukuta kamukamu, kapepala ka manambala pambali, chala pa space, chala pa tab, nthawi zina kufuula ndekha ndikasokoneza. Tsiku lina anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali osayankhula.

"Iwe, ukulemba chani?"

"Pulogalamu, malume."

"Ili kuti?"

"Ndi imeneyi mukuionayi."

Anavala magalasi, anayandikira, anavula magalasi aja, anapukuta sikirini ndi mkono wa malaya. Kenako anatuluka panja ndi foni ndipo ndinawamva bwinobwino akuti "achemwali, mwanayu mumuyang'ane, akumakhala maola akutaipa mphepo, mwina wayamba kusuta zija". Usiku umenewo mayi anandinunkhiza malaya, anandiyang'ana m'maso ndi tochi, m'mawa mwake kunabwera amayi awiri a mvano kudzangondiona eti. Ndinamwa nawo tiyi mwaulemu ndithu.

Koma pulogalamu inatheka abale. Lachisanu masana inathamanga bwinobwino, fodya mtedza fodya mtedza mpaka 100, ine mtima mbee, ndinayamba kale kuganiza kuti nkhuku ija ndiikazinge kapena ndiiwete. Ndinasiya fayilo ili chitsegukire pa Notepad ndikupita kukadya chips. Pobwera ndinapeza magetsi athima, inveta ikulira kuti yatsala pang'ono kufa, fayilo yatsekedwa, malume akuwerenga ndalama mosangalala. Ndinaponya fayiloyo pa fulashi mothamanga kompyuta isanazime.

Loweruka ndinakwera kabaza kupita ku holo. Wakabazayo analibe chenji, ndiye ndinamuuza adikire pakhomo ndisinthitsa kwa anzanga, iye anaimika njinga nkutsamira chitseko kumaonerera. Wa Brainfuck yake inafika pa 12 nkuyamba kulavula zizindikiro zachilendo. Mtsikana wa INTERCAL inamukanira chifukwa cha ulemu wonyanya, PLEASE pafupifupi mzere uliwonse, analeredwa bwino mwana uja, anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndikuseka nawo mokweza kuposa onse poti ndimadziwa kuti nkhuku ndi yanga.

Ndinaimirira, ndinawauza kuti musadabwe muona khoma loyera, nzeru zenizeni sizioneka ndi maso. Woweruza analowetsa fulashi, anatsegula fayilo, pulojekita inawala pakhoma.

"Wokondedwa wanga, duwa la mtima wanga. Chikhalireni ndinakuona ukugulitsa mandasi pa depoti paja sindigona tulo. Ndikamapalasa njinga pa M1 ngakhale nditanyamula munthu wonenepa sindimva kulemera chifukwa ndimaganiza za iwe."

Inapitirira mpaka pansi, ndi dzina la mtsikanayo lomwe, lomwe sinditchula chifukwa theka la holo limagula mandasi kwa iyeyo. Chinachitika nchoti nthawi ya chips ija kunabwera kasitomala, malume anaona tsamba loyera lili kale pa sikirini, anati bwanji ndivutike kutsegula lina, anataipa momwemo nkudina Ctrl S yosungira fayilo, chinthu chimodzi chokha chomwe ndinawaphunzitsa nkuchigwira.

Woweruza, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka, anati malamulo ndi malamulo, Whitespace siwerenga zilembo ndiye tiyeni tiyithamangitsebe. Ine ndinayamba kukhala ndi kachiyembekezo. Koma pakati pa "duwa" ndi "la" pali space, pakati pa "la" ndi "mtima" palinso space, ndipo chikondi cha mkulu uja chinali ndi mawu ambiri. Space iliyonse makinawo anaitenga ngati lamulo. Sinalembe fodya ngakhale mmodzi, inangoti error nkufa.

Kumbuyo kunamveka mawu, "Akulu, kalata imeneyo mwaitenga kuti?" Kutembenuka, ndi wakabaza uja, maso ali psuu. Anati analipira K1,500 kuti imutaipiridwe mwachinsinsi, envelopu ili m'thumba mwake sanaperekebe chifukwa amadikira alimbe mtima, ndiye ine ndaionetsa pakhoma ngati filimu. Ndinayesa kufotokoza za space ndi tab, anthu anachita kundigwira kuti ndisiye chifukwa zimangowonjezera moto. Ndinamupatsa yonse ija analibe chenji, anakwera njinga yake osayang'ana m'mbuyo, ine ulendo wapansi dzuwa lili pamutu.

Nkhuku anatenga mtsikana wa INTERCAL atafufuta ma PLEASE angapo. Nditafika pa shopu malume anandilandira ndi nkhope yowala, akuti "iwe, tsamba lako lija linali ndi mipata yambirimbiri yopanda ntchito, ina ndakuchotsera, koma usamaononge malo mu kompyuta, zinthuzi nzodula". Ndipo wakabaza uja akuti abwera Lolemba kudzatenga K1,500 yake, malume anena kale kuti ichoka pa malipiro anga.