Laphulika, Abwana!

Choyamba, sindinali maliseche. Amene akufalitsa zoti ndinali maliseche ndi msungichuma wathu, ndipo iyeyo anatuluka m'chipinda mwake zonse zili kumapeto, magalasi atawaiwala patebulo. Ndinavala mkanjo woyera wa pahotela, uja amaupachika kubafa. Zoti lamba wake anamasuka pothamanga, mukafunse telala amene anausoka.

Chachiwiri, kavidiyo kamene kakuzungulira pa gulu la WhatsApp la kuofesi kakuyambira pakati. Kakungoonetsa bambo wa ulemu wake atagwada pansi pa mtengo, ketulo ali nayo pamutu. Zimene makutu angawa anamva sikakuonetsa. Ndiye poti dzina loti "a Laphulika" lafika kale mpaka kwa alonda a pageti, bola muimve kwa mwini wake.

Za ulendo wathu wa ku Costa Rica mukuzidziwa, tinapita kukaona mmene alimi a khofi akumeneko amayendetsera makoparetivu awo. Maphunziro atatha, otilandira anati simungabwerere kwanu osapumako, natikweza basi ku San José kupita ku La Fortuna, katauni ka m'tsinde mwa phiri la Arenal. Hotela yake, abale, musachite kufunsa. Tinyumba tokhatokha m'kati mwa nkhalango, mbalame za milomo yaikulu kuposa mitu yawo, ndi maiwe osambiramo a madzi otentha usana ndi usiku. Ine ndinamira mpaka m'khosi, kumangodzifunsa kuti nkhuni zotenthetsera madzi onsewa amazitola kuti.

Mwini mlandu weniweni ndi mnyamata amene ankatiperekeza. Masana ake anatiyendetsa pa miyala yakuda yokhakhala imene kale inali chiphalaphala cha moto, n'kuyamba kufotokoza uku akumwetulira. Akuti kwa zaka mazanamazana phirili linali duu, anthu kumalima ndi kuweta ng'ombe m'mphepete mwake, ambiri osadziwa n'komwe kuti m'kati muli moto. Ndiye pa 29 July 1968, Lolemba m'mawa, nthaka itagwedezeka usiku wake, linangoti phuu! chakumadzulo. Midzi itatu, Tabacón, Pueblo Nuevo ndi San Luis, inakwiririka, anthu 87 anafa. Kuchokera apo linkalavula moto mpaka mu 2010.

Ine ndinafunsa funso la munthu wamkulu: "Ndiye kuti pano linazima?"

Mnyamata anapukusa mutu. Akuti silinazime, likungogona. Madzi aja munkasangalala nawo dzulo, akuwatenthetsa ndi moto womwewo.

Anzanga anaseka n'kupitiriza kujambulana. Ine ndinayamba kuona zimene anthu osasamala saona. Magalimoto onse pamalopo anawaimika chafutambuyo, mphuno kuloza kugeti, kuti tsiku lothawa pasadzakhale zokhotakhota. Paliponse zikwangwani zobiriwira zolozera kothawira. Phirilo nalo tsiku lonse linadzifundika mitambo, moti zimene zinkachitika pansonga pake ankazidziwa ndi Mulungu yekha. Eni dera anali phee, kumagulitsa zipewa ndi madzi a kokonati. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, inde, koma ine kumeneko sindinakwateko.

Musaiwalenso kuti ine kwathu ndi ku Salima. Chivomezi cha mu March 1989 chinandipeza ndili mwana wa pulayimale, usiku, ndipo agogo anatikokera panja miyendo, wina akulira wina akulota. Lamulo lawo kuyambira tsiku limenelo linali limodzi: nthaka ikayamba kulankhula, mafunso umakafunsira pabwalo. Onjezerani apo kuti Costa Rica inathetsa gulu la asilikali mu 1948. Kwathu madzi akasefukira ku Nsanje timaona asilikali akubwera ndi maboti. Uko, phiri likapsa mtima, ndani amabwera? Ndinagona ndi funso limenelo, nsapato zili pakhomo, zoloza kunja.

Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ndinadzidzimuka. Poyamba kanali kaphokoso ka pansipansi, huuu, huuu. Ndinagwira pamimba, chifukwa kumeneko mpunga ndi nyemba amadya ngakhale m'mawa, ndipo thupi langa linali litayamba kudandaula. Mimba inali chete. Phokoso lija linakwera, linakhuthala, linadzaza chipinda chonse, ngati chigayo cha dizilo pamene akuchipukusa m'mawa wa mu June, chikutsokomola chisanagwire moto, kungoti chigayo chimenechi chinali kumwamba. Linaleka. Kenako lina linayankha kutsidya kwa chigwa, mbali ya phiri. Galasi la zenera linanjenjemera. Msungichuma akuti silinanjenjemere, koma iyeyo ankagona chipinda china.

Sindinataye nthawi. Mkanjo, nsapato za suti zopanda sokosi, envelopu ya alawansi m'thumba, foni kumanzere, ketulo ya pahotela kumanja. Pasipoti inatsala m'dirowa. Ambiri mwandifunsa za ketuloyo. Munthu wothawa amafunika chophikira, ndipo pa nthawi imeneyo ine ndekha ndi amene ndinkaganizira za mawa la gulu lonse.

Ndikanakhala munthu woipa ndikanathawa ndekha. M'malo mwake ndinakagogoda kwa abwana ndi ketulo yomweyo. Go! Go! Go!

"Abwana, dzukani! Laphulika!"

"Chaphulika n'chiyani, bambo inu, usiku uno?"

"Phiri, mayi! Laphulika! Tulukani mmene mulilimo!"

Pomwepo phokoso lija linabangulanso, ndipo chitseko chinatseguka pasanathe mphindi. Abwana anatuluka ndi laputopu kukhwapa, wigi ili m'manja. Zimenezi kavidiyo sikakuonetsa, chifukwa wojambulayo ntchito akuifunabe. Ndinadzutsanso mnyamata wathu wa zamakompyuta, dalaivala wa basi, ndi azungu awiri a ku Canada amene anali atangomanga kumene ukwati. Onsewa ananditsatira popanda wowakakamiza. Ndinawatsogolera liwiro la mtondo wadooka, osacheuka, poti za mkazi wa Loti tonse tinaphunzira, mpaka pamalo pamene zikwangwani zobiriwira zinkaloza: kabwalo ka udzu, pansi pa chimtengo chachikulu.

Pamenepo ndiye phokoso linali loopsa kuposa kwina konse. Linkachokera pamwamba penipeni pa mitu yathu. Mwanzeru zanga ndinazindikira kuti moto watipeza.

Ndinakumbukira kunyumba. Ku Malawi nthawi ili patsogolo ndi maola 8, ndiye kwathu kunali masana, mayi a kunyumba ali pa nkhomaliro. Ndinadina kaja kojambulira mawu pa WhatsApp.

"Anabanda, musalire. Phiri latipeza kuno. Ana muwaphunzitse, wamkuluyo asasiye sukulu. M'thumba la m'kati la jekete yakuda ija ya kumaliro muli khadi la kubanki limene simukulidziwa. Nambala yachinsinsi ndi chaka chimene tinakwatirana. Mundikhululukire, ndinkasungira banja."

Ndinatumiza. Timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo. Anabanda uthenga wanga amautsegula mawa lake, koma tsiku limeneli foni inali m'manja.

Ndiye tho! Dontho pa dazi langa.

Lofunda.

Ndinaima chilili. Tho! Lina. Mvula ya kumeneko ndinali nditaidziwa kale, imagwa yozizira ndipo imanyowetsa aliyense. Iyi inali yofunda, ndipo inkasankha munthu. Ndinakhudza ndi chala, ndinanunkhiza. Fungo lamphamvu, lobaya m'mphuno, lofika mpaka kukhosi. Mnyamata uja anali atanena masana kuti mpweya wa phiri umanunkha. Ndinatembenukira anthu anga ndi mawu odekha, kuti asachite mantha.

"Sulufule," ndinatero. "Yayamba kugwa."

Mzungu wamkazi anagwira dzanja la mwamuna wake. Ndinawafotokozera m'Chingerezi changa chonse kuti kumayamba madzi otentha, kenako phulusa, pomaliza miyala, choncho aliyense ateteze mutu. Abwana anadziphimba ndi laputopu ya ofesi. Ine ndinanyamula ketulo pamwamba pa dazi. Madontho aja anasanduka mtsinje, kumalira pachitsulo, ngwee, ngwee, ngwee, kenako chivindikiro chinatseguka chokha ndipo kulira kunasintha, kukhala kwa chinthu chimene chikudzaza pang'onopang'ono. Ena ankatsetsereka m'dzanja, kulowa m'mkono wa mkanjo, kudutsa kukhwapa, ulendo wa kunthiti. Ndinkamva kufunda kukuyenda nane mpaka m'chiuno, n'kumati kodi imfa imayamba mokoma chonchi? Ndinagwada. Ndinayamba pemphero la Ambuye mokweza, m'Chichewa, ndipo a ku Canada aja anaweramitsa mitu. Dalaivala wa basi, mwini dziko, anali atakhala pamwala, nkhope ataikwirira m'manja, mapewa akugwedezeka. Ndinamumvera chisoni. Ndinati munthuyu mwina anataya abale mu 1968.

Ndili pa "mutipatse lero chakudya chathu", kunatulukira mlonda wa pahotela. Sanali kuthamanga. Ankayenda monyang'wa, kapu ya khofi kudzanja lina, tochi kudzanja lina. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, anamwa khofi wake, kenako analoza tochi m'mwamba.

Panthambi, molunjika mutu wanga, panali nyani. Wakuda bii, wa ndevu, mchira ataukulunga kunthambi, thupi lake losakwana ndi makilo 10 omwe. Anali asanamalize. Tochi inamuwalira, iye anandiyang'ana m'maso osaphethira, anamaliza ntchito yake mosafulumira, anadzigwedeza pang'ono. Kenako anazunguliza milomo, khosi linafufuma, ndipo phiri la Arenal linaphulikanso kuchokera m'kamwa mwake. Huuuu! Nthambi zapafupi panali akazi ake ndi ana, onse maso pa ine.

Dalaivala uja anagwa pamwala paja ndi phwete. Sankalira.

Pa chakudya cham'mawa mnyamata wotiperekeza anafika zonse atazimva kale. Apa ndiye anakhala mphunzitsi wabwino. Akuti anyani amenewa ali ndi fupa lamphako pakhosi limene limakuza mawu, moti kubangula kwawo kumamveka mtunda wa makilomita pafupifupi 5 m'nkhalango. Amphongo amabangula m'bandakucha pouza magulu ena kumene agona, kuti asalimbirane masamba, poti chakudya chawo chachikulu ndi masamba ndipo masana ambiri amangogona. Akutinso aliyense kumeneko amadziwa kuti suima pansi pa mtengo umene muli anyaniwa. Aliyense! Dzulo lake mnyamatayu anatha ola lathunthu pa 1968, midzi yokwiririka, miyala youluka. Za nyani wokhala ndi chigayo pakhosi, ngakhale liwu limodzi. Ndipo ndani anaika malo osonkhanirana othawa pansi pa chimbudzi cha anyani? Mafunso amenewa palibe akuwafunsa pa gulu lija.

Komanso tiyeni tinene zoona. Pa anthu onse amene tinagona pahotela ija, amene anatuluka nthawi yabwino ndi amene anadzutsidwa ndi ine. Msungichuma, amene lero ali patsogolo kuseka, akanakhala kuti linaphulikadi bwenzi pano tikumusonkhera za nkhata. Abwana sananene kanthu pankhaniyi, ndipo ine za wigi sindinauze munthu.

Ketulo ndinaitsuka bwinobwino ndi sopo wosambira n'kuibwezera pamalo pake. Mkanjo ndinaukulunga, ndinausiya m'bafa ndi kandalama pamwamba.

Uthenga uja ndinaufufuta, koma munali m'mbuyo mwa alendo. Nditauza Anabanda kuti ndili moyo, yankho linabwera lalifupi: "Mulungu ndi wabwino, bambo, tinada nkhawa. Chaka mukunenacho ndi cha chinkhoswe kapena cha kutchalitchi?"

Sindinayankhe. Anayesa zonse ziwiri.

Pofika kunyumba ndinapeza firiji yatsopano pabalaza, ya zitseko ziwiri, pulasitiki asanachotse. Jekete yakuda anaichapa, anaisita. Firijiyo ndi yabwino, sindikukana, madzi amazizira msanga. Kungoti magetsi ake akudya mayunitsi kwambiri.