Nkhuku sizidikira siginecha ya bwana

Mlungu wathawu ku bungwe lathu, limene limaphunzitsa achinyamata bizinesi ndi kuwapatsa ngongole, tinali ndi gulu latsopano la achinyamata omaliza maphunziro a zaulimi, ambiri a ku koleji ya Bunda, ena ochepa a ku Natural Resources College (NRC). Anzanga amene mumagwira ntchito yophunzitsa bizinesi mukudziwa mmene Lolemba ndi Lachiwiri zimayendera: kudziwana, gross margin (phindu lotsala ukachotsa zolowa), cash flow (kalowedwe ndi katulukidwe ka ndalama), kenako aliyense ayambe kulemba pulani yake. Magetsi anathima pakati pa phunziro, jenereta ilibe mafuta, tinabwerera ku mapepala apakhoma ndi maka wouma. Ana amenewa ndi anzeru, ndisabise. Ukawafunsa za acidity ya nthaka kapena kasakanizidwe ka chakudya cha ziweto amayankha usanamalize funso. Chimene sanachionepo ndi venda akukutsitsira mtengo pamaso pako, katundu uli naye m'manja ndipo sangagone. Ambirinso, ukacheza nawo pa tiyi, amavomera kuti abwera kuno poyembekeza kuti mwina boma litulutsa ntchito zaulangizi. Sindiwaweruza. Makolo awo anagulitsa fodya ndi mbuzi kuti mwana adzakhale mu ofesi, osati adzabwerere kumudzi kukazira zitosi.

Koma chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe ndi za Lachitatu.

Tinapita kukayendera a gulu lapitalo, amene analandira kale gawo loyamba la ngongole. Galimoto inanyamuka mochedwa chifukwa cha mzere wa mafuta, choncho m'malo mwa onse amene anali pa ndandanda tinangosankha a mbali ya Mitundu. Mmodzi mwa iwo ndi mtsikana amene ndinkamunyadira kwambiri m'kalasi. Pulani yake inali ya nkhuku zoyera 500, anapiye alowe mu November kuti zikwane masabata 6 pa Khrisimasi, nthawi imene ngakhale wosauka amafuna nkhuku pa mpunga. Anali atayenda kale m'malesitilanti angapo m'tauni, ena atamulonjeza kuti adzatenga. Khola anamanga ndi njerwa zootcha za pakhomo pawo, mawindo aakulu a waya, mbaula ziwiri zotenthetsera anapiye. Palibe chimene ndikanawonjezera.

Titafika anatilandira ndi mayi ake, atamanga chitenje chakumunda. "Takulandirani bambo. Mwabwera kudzapepesa maliro a nkhuku?" Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala za azimayi. Iwo sanaseke.

Mtsikanayo anatuluka kuseri kwa nyumba, nandiimitsa pakhomo pa khola. "Aphunzitsi, muponde kaye m'mankhwalamu." Beseni la mankhwala opondamo linali pomwepo, madzi ake atsopano, monga tinaphunzitsira. M'katimo ndi mmene munali nkhani. Nkhuku za masabata anayi zikamva munthu zimangodzuka mwaulesi, koma izi zinatithamangira zonse n'kuyamba kujompha zingwe za nsapato zanga. M'magome odyera munali gaga wosakaniza ndi soya wokazinga pang'ono. Zina zinali zitajomphana kumchira mpaka magazi, ndipo zovulalazo anazipatula m'katoni pakona. Ndinanyamula imodzi, fupa la pachidale linandibaya m'dzanja.

Anandipatsa buku lake la rekodi. Tsiku ndi tsiku analemba: zakufa, chakudya chimene zadya, kulemera kwa zingapo zimene amayeza pa sikelo ya kukhitchini. Katemera wa chitopa ndi wa gumboro, zonse pa tsiku lake. Masabata atatu oyamba manambala ankakwera bwino lomwe, zakufa zochepa kwambiri. Kuyambira sabata yachinayi, pa mzere wa chakudya panangolembedwa kuti "gaga", "gaga", "gaga", ndipo mzere wa kulemera unaima.

Nkhani yake ndi iyi. Bungwe lathu limapereka ngongoleyi m'magawo awiri. Loyamba mtsikanayo anagulira anapiye, starter (chakudya choyambira), grower (chokulitsira) pang'ono, katemera, makala ndi utuchi. Lachiwiri, la chakudya chotsalacho, limatuluka munthu akabweza malisiti a gawo loyamba, akabweretsa makotesheni atatu, ndipo bwana wamkulu akasaina. Amene analemba lamulo limeneli sanawetepo nkhuku. Nkhuku yoyera imadya pafupifupi makilogalamu 4 kuti ikwane, ndipo gawo lalikulu la chakudyacho imalidya kumapeto. Nkhuku 500 ndiye kuti matumba a makilogalamu 50 okwana 40 kapena kuyandikira pamenepo. Ndalama yaikulu ya bizinesi imeneyi ili m'masabata omaliza, ndipo ndi ndalama imeneyo imene ife tinaitsekera mu kabati.

Mtsikanayo anapereka mapepala ake nthawi ilipo. A ku akaunti anawabweza chifukwa makala ndi utuchi zinalibe lisiti ya makina a msonkho. Tandiuzani, bambo wa makala wa panjinga amene amabwera mbandakucha, lisiti ya makina aitenga kuti? Anakasainitsa kwa amfumu, anawabweza kachiwiri kuti chidindo sichikuoneka. Pamene zimenezo zimatha, makotesheni anali atapitirira masiku ake, chifukwa ogulitsa chakudya cha ziweto masiku ano salonjeza mtengo wopitirira masiku ochepa. Chitsikireni Kwacha ndi 44% mu November 2023, aliyense wogulitsa katundu wodalira zakunja amagona tcheru. Anakatenga ena, pa thiransipoti yake. Ndiye fayilo inafika pa desiki ya bwana tsiku limene bwana ananyamuka kupita kunyanja ku msonkhano wokambirana za kutukula achinyamata pa ulimi.

Mayi ake anakatapa ku banki mkhonde n'kugula matumba awiri a finisher, chakudya cha masabata omaliza. Nkhuku za msinkhu umenewo, zochuluka chonchi, matumba awiri ndi a masiku awiri basi. Anaganizapo za katapila, mwana anakana, ndipo pamenepo anachita bwino.

Tili pomwepo kunabwera venda pa njinga yamoto, madengu awiri kumbuyo. Mbiri inali itamveka kale pamsika kuti kwa uje nkhuku zikutha ndi njala. Ananyamula imodzi pamiyendo, kuigwedeza, kuipapasa pachidale. "Sisi, izitu ndi nthenga zokhazokha. Ndingokuthandizani." Mtengo umene anatchula sunkabweza ngakhale mwanapiye ndi chakudya chimene nkhukuyo inadya kale. Mtsikanayo anandiyang'ana. "Aphunzitsi, ndipange bwanji?" Ndinamuuza zoona: nkhuku yoyera ikapinimbira pa msinkhu umenewu, ngakhale chakudya chibwere mawa, siifika pa kulemera kumene anawerengera, ndipo tsiku lililonse likutha ndi zina zakufa. Agulitse theka lero, ndalamayo agulire finisher wa zotsalazo. Anawerengera venda nkhuku yekha, osalira, kenako anakatenga buku lija n'kulemba nambala ndi mtengo. Pobwerera a dilaiva anayesa kuyambitsa nkhani ya mpira, ine pakamwa panali powawa.

Lachinayi ndinalawirira ku ofesi ndi zithunzi za m'kholamo. A ku akaunti anati iwo mbali yawo anamaliza, zili pa desiki ya bwana. Wachiwiri kwa bwana anati alibe mphamvu yosainira ndalama yopitirira mlingo wakutiwakuti. Ndinaimbira bwana mwini. "Ndili m'session, tikambirana ndikabwera. Ana amenewanso aphunzire kupirira, bizinesi ndi choncho." Ndinafunsa ngati angalole pa WhatsApp kuti wogulitsa chakudya apereke matumba, ife tidzalipire mwachindunji. Anati opereka thandizo sangavomere, odita wofufuza mabuku a ndalama adzafunsa.

Odita ine sindimukana. Ndaonapo achinyamata atalandira ndalama yonse pakamodzi n'kukagula foni ndi njinga ya kabaza, ndipo lamulo la magawo awiri linabadwa chifukwa cha anthu otere. Koma ngati sitikhulupirira mwana ndi ndalama, tilipire wogulitsa chakudya zonse pachiyambi, mwana azikatenga matumba sabata ndi sabata. Malingaliro amenewa akhala akutuluka pa misonkhano ya ogwira ntchito, amalembedwa m'maminitsi, n'kuthera momwemo. Chimene chikundipweteka n'chakuti ana amenewa alibe kwina kothawira. Ku banki amafuna chikole, ndipo munda umene mwana akulima ndi wa makolo, wopanda pepala. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linatsegula njira yolembetsera malo otere, koma mnyamata wa zaka 24 sangakalembetse munda wa amalume ake m'dzina lake. Ngakhale chikole chipezeke, Reserve Bank itakweza policy rate, chiwongoladzanja chimene mabanki amayendera, kufika 26% mu 2024, chiwongoladzanja cha ku banki sichingabwezedwe ndi phindu la nkhuku. Ndiye amabwera kwa ife poganiza kuti ife ndi amene timamvetsa ulimi. Malawi 2063, ndondomeko ya chitukuko cha dziko, ikunena za ulimi wa bizinesi, ife timaiwerenga mokweza potsegulira wekishopu iliyonse, koma kalendala imene timayendera ndi ya kotala ya lipoti, osati ya mvula kapena ya khola.

Si wa nkhuku yekha. Lachinayi lomwelo anandiimbira mnyamata wa ku Mchinji amene anakonza mahekitala awiri a soya wa Tikolore. Mvula yagwa, mizere ili okonzeka, ndalama ya mbewu ndi inoculant (wosakaniza ndi mbewu ya soya podzala) ili m'fayilo ina pa desiki yomweyo. Soya wodzala mochedwa, mu January, aliyense akudziwa kuti amabereka zochepa. Mtsikana wina wopera chiponde akudikira ndalama yokayezetsa chuku kuti ayambe njira ya chiphaso cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, popanda chimene masitolo aakulu salandira botolo lake. Iyeyo angathe kudikira, mtedza suthawa. Enawo ayi.

Lachisanu kunali kuonetsa mapulani kwa alendo. Bena yatsopano, madzi a m'mabotolo, wojambula zithunzi, zonsezo ndalama yake inapezeka tsiku limodzi. Mwa ophunzira atsopanowo, angapo anaimirira ndi pulani ya nkhuku zoyera, manambala okongola pa kompyuta, phindu lotuluka pa sabata yachisanu ndi chimodzi ngati madzi a pampopi. Alendo atapita kukadya ndinawatsekera chitseko n'kuwaonetsa zithunzi za Lachitatu. Ndinawauza kuti asaitanitse mwanapiye ngakhale mmodzi thumba lomaliza la finisher lisanalowe m'nyumba mwawo, ndipo ngati gawo loyamba likukwanira nkhuku 150 ndi chakudya chake chonse, awete 150. Mmodzi anafunsa ngati ofesi idzavomere kusintha nambala imene ili pa fomu. Ndinamuuza kuti fomuyo tidzalimbana nayo ine ndi iye.

Bwana anafika madzulo ndipo anasaina mafayilo onse mosawerenga n'komwe. Ndalama ilowa Lolemba kapena Lachiwiri, malinga ndi banki. Tsiku loyamba kubweza ngongole silinasinthe, likadali mu January monga linalembedwera, pa ngongole yonse.

Ndisanaweruke, mnzathu wa M&E, wolondoloza mmene ntchito ikuyendera, anandipatsa fomu ya ulendo wa Lachitatu kuti ndidzaze. Pa funso la chifukwa chimene bizinesi sikuyenda bwino pali mabokosi anayi: nyengo, matenda, msika, kusasamala kwa mwini wake. Ndinalemba m'mphepete kuti ndalama inachedwa ku ofesi. Anandibwezera, akuti sisitimu imangolandira limodzi mwa anayiwo, ndisankhepo.