Kope lolakwika pa banki mkhonde

Poti nkhaniyi yafika kale pa Dyeratu itamera miyendo ndi mchira womwe, bola ndiifotokoze ndekha. Zoti ndinakomoka ndi bodza. Ndinangokhala pansi mwadzidzidzi, ndipo aliyense amene anapondako ku Ngabu mu Okutobala akudziwa kuti dzuwa la 2 koloko limakhazika pansi munthu aliyense, wolakwa ndi wosalakwa yemwe.

Ndili ndi makope awiri a hadikava, onse akuda a msana wofiira, onse a masamba 192, ogula tsiku limodzi. Lina ndi la banki mkhonde yathu, kumene ine ndine mlembi. Linalo ndi langalanga, lolembamo za tsiku ndi tsiku, limene ana amati dayale. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pepala lililonse pakhomo panga limagona m'jumbo, jumboyo m'ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro, ndowayo pathandala. Madzi safika, chiswe sichifika, mphemvu zimangonunkhiza kunja. Mwana wa sitandade 4 yekha ndiye amafika.

Lachisanu lija njinga inaponda munga ndikuchokera kudimba. Ndinaimba foni kunyumba: "Iwe, tenga kope m'ndowamo ukapereke kwa amayi wapampando, uwauze ayambe, ndikubwera." Mwana anatenga kope m'ndowamo. Pamenepo sindingamunene.

Ndinafika pansi pa mtondo paja ndikukankha njinga, anthu 22 atakhala kale bwalo, bokosi la maloko atatu lili pakati. Amene anaimirira ndi kope anali alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, omwe amawerenga mawu kutchalitchi ndi liwu longa la mvuu ya m'Shire. Ndinamva akuti: "Lachiwiri. Zolowa, K12,000. Zotuluka, K7,500." Anthu akugwedeza mitu. Ine ndinangomva m'mimba kuti juu, chifukwa gulu lathu silikumana Lachiwiri.

Ena akufunsa kuti anthu onsewo analephera bwanji kuzindikira msanga. Chifukwa chake ndi chakuti dayale yanga ndi yolongosoka, ndipo pamenepa sindipepesa. Tsiku lililonse limatenga theka la tsamba, ndiye masamba 192 amakwana masiku 384, chaka chathunthu ndi kapamwamba. Pamwamba ndimalemba tsiku ndi deti. Kenako ndalama zolowa ndi zotuluka. Kenako mafunso atatu, lililonse mzere umodzi kapena iwiri: chimene ndachita bwino, chimene ndalakwitsa, chimene ndichite mawa. Pansi penipeni, zinthu zitatu zimene ndikuyamika. Mphindi khumi basi, ndikangomaliza nsima ya madzulo, udzudzu usanayambe msonkhano wake. Amene amayamba pa 1 Januwale ndi masamba atatu odzaza maganizo akuya, pofika pa 9 kope lija ana ayamba kale kuthothola zopangira ndege. Lamulo lalikulu ndi ili: lemba nambala. Kulemba kuti "lero ndawononga ndalama" sikusintha munthu, chifukwa mawa udzalembanso zomwezo mtima uli mpoo. Ukalemba kuti zingati, kuti, pa chiyani, pepalalo limayamba kukuyang'ana.

Lamulo limenelo ndi limene linandipachika.

Ndinakweza dzanja. "Amayi wapampando, kopelo..."

"A mlembi, mwachedwa, K500. Mwadula mawu kope likuwerengedwa, K1,000. Imani kunja kwa bwalo mpaka amalize."

Malamulo awiri onsewo ndinabweretsa ndine, mu Januwale, ndipo ndinawaumirira mpaka kumenya pachifuwa. Ndinaima pambali nditagwira njinga yakuphwa ngati mboni yanga.

Alamu anakonza kukhosi. "Chimene ndalakwitsa. Kanyenya wa mbuzi pamsika, K3,000. Kunyumba ndanena kuti ndakonzetsa tcheni."

Kunangoti zii. Mayi a kunyumba ndi membala wa gululi, nambala 7, ndipo anakhala moyang'anizana ndi ine. Sanandiyang'ane. Anayang'ana tcheni cha njinga. Anthu onse 22 anatembenuka kuyang'ana tcheni cha njinga. Ngakhale mbuzi imene inkatafuna jumbo kuseri kwa mtengo inasiya kaye. Tcheni chija chili ndi dzimbiri la chaka cha Idai, ndipo chinkaoneka kuti chiyambire 2019 palibe munthu anachikhudzapo ndi mafuta ngakhale a nsinjiro.

Apa aliyense anali atadziwa kuti si kope la gulu. Munthu wachifundo akanatseka. Koma amayi wapampando anagamula kuti chilichonse chimene chalowa m'bwalo ndi katundu wa gulu mpaka msonkhano utatha, ndipo anthu anavomereza ndi mawu amodzi, chinthu chimene sichinachitikepo ngakhale pa nkhani ya chiwongoladzanja.

Tsono alamu ananyambita chala kuti atembenuze tsamba. Abale, chala chimenecho ndidzafa nacho m'maso. Chinanyamuka pamlomo pang'onopang'ono ngati lole ya shuga ikukwera chitunda cha pa Thabwa, nkuima kaye m'malere kuti iwo apukute thukuta, nkutsika. Masamba awiri anali atamatana. Zimachitika kwathu kuno: ukamalemba usiku wotentha, thukuta la padzanja limanyowetsa m'munsi mwa tsamba, ukatseka kope lisanaume limamata. Mankhwala ake ndi kuyala kansalu kapena kapepala pansi pa dzanja, ndipo ine masiku onse ndimatero, kupatula usiku umenewo. Ndinapemphera kuti guluu wa thukuta langa agwire. Ndinalonjeza chakhumi cha miyezi itatu. Alamu anayesa ndi chikhadabo, osatheka. Anayesa kupotokola ngodya, osatheka. Mtima wanga unayamba kuimba nyimbo ya chiyamiko. Ndiye mayi wina wachikulire wa ku Nsanje anati, "Uzirani mpweya, baba." Alamu anauzira kuti fuu, masamba nkutseguka bwinobwino ngati chitseko cha kubanki, zilembo zili mbee, palibe ngakhale chimodzi chofufutika.

Izinso ndi zochita zanga. Ndimalemba ndi bolopeni wamba chifukwa inki yake ndi ya mafuta, siyenda ikanyowa. Zolembera zija za inki yamadzimadzi zimaoneka bwino m'sitolo, koma dontho limodzi la thukuta tsamba lonse lasanduka mtambo. Pensulo ndiye imapirira madzi kuposa zonse, kungoti imafufutika masamba akamakhulana. Ndinasankha bolopeni kuti mawu anga akhale zaka. Anakhaladi.

"Lachitatu. Chimene ndaphunzira. Mayi W. amalankhula mphindi 40 pa nkhani ya mphindi zitatu. Ndawerengera pafoni."

Amene anandiphunzitsa kuti m'dayale usamalembe mayina a anthu, uzingoika chilembo choyamba, anali ndi nzeru za m'tauni. M'gulu lathu W ndi mmodzi yekha, ndipo anakhala pampando wokhawo wokhala ndi chotsamira.

"Amayi, W ameneyo ndi wa kutchalitchi..."

"K1,000."

Kenako iwo anayankha mlanduwo. Anafotokoza chifukwa chimene amafotokozera zinthu mwatsatanetsatane, kuyambira mmene anakulira, mmene gululi linayambira, ndi ulemu umene achinyamata a masiku ano alibe. Mnyamata wowerenga ndalama anandinong'oneza pambuyo pake kuti zinatenga mphindi 35. Ndiye pa nambala ndinaphonya pang'ono chabe.

"Zimene ndikuyamika," alamu anapitiriza, liwu lija atalitsitsa ngati afika pa madalitso. "Choyamba, kamphepo kanawomba cha m'ma 4 koloko. Chachiwiri, mbuzi yoyera yabereka ana awiri. Chachitatu, apongozi abwerera ku Bangula."

Apongoziwo ndi mayi awo a amene ankawerengawo. Anaima kaye, nkuwerenganso mzerewo kachiwiri, mwina poganiza kuti usintha. Mayi wachikulire uja, amene makutu ake amamva theka, anangomva zoyamika nkuwomba m'manja: "Takhuta, takhuta!"

Ndinene pano kuti mbuziyo ndi umboni woti kopeli limagwira ntchito. Ndinalemba tsiku limene inakweredwa mu Meyi, nkuwerenga masiku 150, ndipo sabata imene inabereka inandipeza nditakonza kale khola. Chaka chatha kope lomweli linandisonyeza kuti ndinachedwa kupopera thonje kawiri konse chifukwa cha maliro ndi ulesi, maliro kamodzi. Palibe anapempha kuti awerenge masamba amenewo.

Anapeza tsamba la Lamulungu. Lamulungu lililonse madzulo ndimabwerera m'mbuyo kuwerenga masiku asanu ndi awiri, nkulemba chimene chikubwerezabwereza, ndipo kumapeto kwa mwezi ndimaphatikiza. Popanda zimenezi dayale ndi nkhokwe yongothiramo osatapamo. Tsono pa Seputembala panalembedwa ndi dzanja langa, nditadula mzere pansi kawiri: "Kanyenya, maulendo 14, K42,000. Izi zithe."

A msungichuma sanafune ndi foni yomwe. "Sheya yathu ndi K2,000. Amenewo ndi masheya 21."

"Mwezi womwewo anagula masheya angati?" anafunsa wina.

"Atatu. Ankati thonje silinayende bwino."

Pamenepo ndi pamene ndinakhala pansi. Njinga inagwa payokha.

Mawu akuti "izi zithe" palibe anawaona, chonsecho ndiwo mutu wa nkhani. Munthu amene sakufuna kusintha salemba maulendo 14, amangodya nkupukuta pakamwa. Amuna asanu ndi mmodzi a m'gulu lathu ndimakumana nawo pa kanyenya pomwepo, ena amaitanitsa ndi chiwindi chomwe, koma poti alibe kope ndi anthu olungama. Onse anandiseka mpaka misozi, mmodzi mafuta akadali pandevu.

Mayi a kunyumba analankhula kamodzi kokha, tili m'njira, iwo patsogolo ndi kope kukhwapa, ine pambuyo ndi njinga. "Bambo, tcheni chimenechi mwachikonzetsa ka 14 mwezi umodzi. Mawa tipite limodzi kwa wokonzayo akatibwezere ndalama."

Chindapusa chonse chinakwana K3,500, chifukwa ndinadulanso mawu kachitatu pa nkhani ina ya Loweruka imene sindiibwereza pano, ndipo amene akuifalitsa akuwonjezera. Ana a pamsika akundiitana kuti a Tcheni. Wootcha nyama uja akandiona amangokweza mpeni kundipatsa moni, ine nkuyang'ana kumbali. Apongozi atumiza uthenga kuti akubwera Lachinayi ndipo sananene tsiku lobwerera.

Kope la gulu tsopano ndalimata pepala loyera pachikuto, ndalemba BANKI ndi zilembo zoti ngakhale wodutsa pa kabaza awerenge. Langalo ndalikutira ndi pepala la thumba la simenti ndipo lasamuka m'ndowa, kumene lili sindinena. Alamu anabwera dzana madzulo ngati akudutsa, nkundifunsa chapansipansi kuti mafunso atatu aja amayamba ndi liti, ati akufunsira mnzawo.

Usiku wa Lachisanu lomwelo ndinalembabe, chifukwa ukadumpha tsiku limodzi lachiwiri limadumpha lokha. Zotuluka, K3,500, kuphatikizapo K800 yomatitsa chubu, K4,300. Pa zoyamika ndinalemba kuti alamu sanafike pa Ogasiti. Chachiwiri ndinaikanso mbuzi ija. Chachitatu ndinakhala ndikuganiza mpaka tochi inayamba kufiira, ndiye ndinangolemba kuti kamphepo, ngakhale tsiku limenelo sikanawombe.