Sabata ya 23 Januwale pa wailesi

Pa pulogalamu yathu ya Chichewa ya Lachisanu madzulo pali kagawo ka mphindi 12 kamene omvera amangokatcha kalendala. Timatenga tsiku la pa kalendala, n'kunena oimba amene anabadwa tsikulo ndi zina zimene zinachitika pa nkhani ya nyimbo, kenako nyimbo zitatu kapena zinayi. Ine ndine wokonza pulogalamu. Pa maikolofoni sindilankhula. Changa ndi kulemba zoti muulutsi awerenge, kusaka nyimbo, ndi kuyang'anira wotchi kuti nkhani zisatipeze tili pakati pa nyimbo. Masabata ambiri kagawoka kamakhala katatha pofika Lachitatu, koma ka 23 Januwale kanandigwira mpaka tsiku loulutsa.

Lolemba ndinayamba ndi masamba a pa intaneti amene amasanja masiku obadwa a oimba. Alipo ambirimbiri ndipo amangokoperana, n'chifukwa chake deti iliyonse ndimaitsimikiza kwina ndisanailembe. Obadwa pa 23 Januwale anali osasowa. Django Reinhardt, katswiri wa gitala, ku Belgium mu 1910. Anita Pointer wa gulu la Pointer Sisters, ku Oakland mu 1948. XXXTentacion, woimba wa ku America amene achinyamata athu a ku Glen View mu Harare muno amamudziwa kuposa ine, mu 1998. Panalinso mwambo woyamba wa Rock and Roll Hall of Fame ku New York mu 1986, kumene analemekeza Chuck Berry, James Brown, Ray Charles, Little Richard, Elvis Presley ndi anzawo. Zonsezo zinalembedwa bwino, tsiku, mzinda, nthawi zina mpaka msewu.

Oimba a kuno kum'mwera kwa Africa ndinawapeza mbali inayo, ya omwalira. Hugh Masekela, 23 Januwale 2018, ku Johannesburg. Oliver Mtukudzi, wotchedwanso Tuku, 23 Januwale 2019, mu Harare muno, patangotha chaka chenicheni mnzake atapita. Jonas Gwangwa, amene ankaimba lipenga la trombone limodzi ndi Masekela mu gulu la Jazz Epistles cha m'ma 1960, nayenso 23 Januwale, mu 2021. Atatu, deti imodzi.

Muulutsi wathu, bambo wachikulire amene tonse timawatcha amalume, anawerenga pepalalo atavala magalasi pamphuno n'kulibweza. "Achemwali, ndiye Lachisanu tikagona pa siwa? Azungu akudya keke, ife tikulira?"

Anali kuseka, koma ananena zoona, ndipo si za sabata imeneyi yokha. Ndakhala ndikuziona kuyambira pamene ndinapatsidwa kagawoka. Woimba wathu akamwalira pamakhala atolankhani, chikalata cha kuchipatala, nthawi zina mawu a boma, ndiye deti imasungika. Pamene ankabadwa panalibe amene analemba. Zotsatira zake, kalendala yathu imadzaza ndi kubadwa kwa anthu akutali ndi maliro a anthu apafupi.

Lachiwiri tinakangana za nyimbo. Amalume ankafuna mphindi zonse 12 zipite kwa Tuku, ndipo zifukwa anali nazo. Munthuyo ndi mwana wa ku Highfield, wobadwa pa 22 Sepitembala 1952, anadutsa mu gulu la Wagon Wheels limodzi ndi Thomas Mapfumo, anatsogolera gulu la Black Spirits zaka pafupifupi 40, anamanga Pakare Paye ku Norton kuti ana aphunzire kuimba, ndipo atamwalira boma linamutcha ngwazi ya dziko ngakhale anakaikidwa kumudzi kwawo ku Madziwa. Ine ndinati n'chifukwa chake sitiyenera kutero. Tsiku limenelo wailesi iliyonse mu Harare imayamba Tuku m'bandakucha, makombi a ku Mbare ndi ku Copacabana nawonso chimodzimodzi. Pofika madzulo womvera wathu amakhala atamva kakhosomo kotchuka ka m'nyimbo za Tuku kaja tsiku lonse. Ife tiyenera kumupatsa chimene ena sangamupatse.

Chimenecho kwa ine chinali "Stimela" ya Masekela, nyimbo ya mu 1974 ya sitima yonyamula anthu kupita ku migodi ya ku Joni. Potchula maiko ochokera sitimayo, Malawi alimo, Zimbabwe alimonso. Omvera athu ambiri ndi ana ndi adzukulu a anthu a m'sitima imeneyo. Ena analembedwa ndi Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni, ena ndi Mthandizi amene ankabweretsa anthu ku mafamu ndi migodi ya Rhodesia, ena anangoyenda wapansi kudutsa ku Tete n'kuima pamene anapeza ntchito. Ambiri sanabwererenso, kwawo anawatcha matchona. Chaka chomwe nyimboyi inatuluka, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi obwerera kumudzi, ndipo Kamuzu analetsa Wenela kulemba anthu m'dziko mwake. Ngoziyo inachitika pa 4 Epulo, lomwenso ndi tsiku limene Masekela anabadwa ku Witbank mu 1939. Munthu ukazolowera ntchito ya madeti, zoterezi zimakutsata, ndipo umafunika kudzigwira kuti usayambe kuona zizindikiro paliponse.

Amalume anavomera monyinyirika: Tuku imodzi, Masekela imodzi, koma ndiwapezere woimba wathu mmodzi wobadwa tsikuli, kuti pakhale wina womuimbira m'manja.

Apa ndi pamene sabata inandithera. Masiku obadwa a anthu otchuka amadziwika. Alick Macheso, amene makolo ake ndi ochokera ku Malawi ndipo Chichewa amachiimba bwino, ndi wa pa 10 Juni 1968, ku Shamva. Koma sungura, mtundu wa nyimbo zimene Macheso amaimba, inaleredwa m'makomboni a mafamu ndi migodi, ndipo kumbuyo kwa Macheso, Nicholas Zakaria ndi abale a Somanje a Pengaudzoke kunali anyamata ambirimbiri oimba gitala amene mayina awo sanafike pa chikuto cha kaseti. Ndinatumiza uthenga pa gulu la WhatsApp la omvera. Mayi wina wa ku Dzivarasekwa anayankha kuti agogo oyandikana nawo ankaimba m'mabala a kumafamu a ku Mazowe, ndipo amati anabadwa mwezi wa Januwale.

Lachitatu ndinakwera kombi, mvula ikuwaza. Agogowo ndinawapeza pakhonde atakhala pa kreti, gitala ili pamiyendo, ya nsambo zisanu, yachisanu ndi chimodzi inaduka kalekale. Chichewa chawo ndi cha ife obadwira kuno, chothira Chishona apa ndi apo, koma moni unali wa kwathu weniweni, wofunsa mpaka za ana ndi mvula.

"Agogo, akuti munabadwa Januwale. Pa chani?"

Anatulutsa chitupa m'kapepala ka pulasitiki. Panalembedwa 1 Januwale. "Ameneyu ndi wa kalaliki, mwanangu. Anandiyang'ana nkhope, n'kulemba. Tonse amene tinali pa mzere tsiku limenelo tinabadwa pa 1." Anandiuza kuti chitupa chawo chakale chinali cha alien, chowatcha mlendo, ngakhale ku Malawi anali asanapondeko, ndipo anachisintha malamulo a dziko a 2013 atavomereza kuti obadwira kuno kwa makolo a maiko oyandikana nawo ndi nzika. Malamulo omwewo ndi amene anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka za dziko lino. Za kubadwa kwawo, zimene mayi awo anawauza ndi zoti inali nyengo yothyola fodya, mabani akufuka utsi, ndipo mzungu wa famu sanalole abambo awo kusiya moto kuti akaone mwana.

Ndinawaikira Django pa foni, n'kuwafotokozera kuti munthuyu anapsa dzanja lamanzere ndi moto mu 1928, zala ziwiri zinauma, ndipo zimene akumvazo akuziimba ndi zala ziwiri zotsalazo. Anapempha ndibwereze. Anasendeza foni kukhutu, maso atatseka, kenako anapinda chala chaching'ono ndi chinzake n'kuyesa kuthamanga pa nsambo ndi ziwiri zokha. Anakodwa, n'kuseka. "Ameneyu akanabwera ku Mazowe tikanamupatsa lead, ife n'kumagwira rhythm." Kenako anandiimbira yawo, ya mnyamata wolonjeza mayi ake kuti abwera Khrisimasi, ndipo ndinaijambula pa foni pomwepo, madontho a padenga akumveka kumbuyo.

Potsanzika anati, "Lembani 23 yomweyo. Ndani akakutsutseni?" Fodya amathyola Januwale ndithu, ndiye mwina n'zoona. Koma deti yongopeka ikatuluka pa wailesi, mawa wina aiika pa Facebook, mkuja ili pa intaneti, ndipo chaka chamawa ine ndemwe ndidzaipeza kumeneko n'kuikhulupirira. Kalaliki uja anachita kale zimenezo, sindinafune kukhala wachiwiri.

Lachinayi linali la ntchito yosasangalatsa. Magetsi anathima m'mawa, jenereta inkangokwanira situdiyo, ndiye ndinalemba pamanja. Amalume amawerenga mosathamanga, ndipo Chichewa chili ndi mawu aatali, kotero tsamba limodzi limadya pafupifupi mphindi zitatu. "Stimela" payokha ikhoza kumeza kagawo konse ngati mutatenga yoimbidwa pamaso pa anthu, ndiye achimwene a zamakina anaidula bwino pamene sitima yangolira. Mayina a Rock and Roll Hall of Fame ndinawachepetsa kukhala chiganizo chimodzi. Anita Pointer anatsala ndi dzina ndi chaka. Paul Robeson, woimba wa ku America amene anamwalira tsiku lomweli mu 1976, anatuluka, maliro anali atakwana. Ndinalimbana ndi mtima pa chinthu chimodzi chosakhudza nyimbo: usiku wa 23 Januwale 1915 ndi umene anthu a John Chilembwe anaukira ku Magomero. Ku Malawi amamukumbukira pa 15 Januwale, koma tsiku lenileni la kuukira ndi limeneli. Ndinachisiya m'mphepete mwa pepala, ndikudziwa kuti amalume sangachilumphe.

Sanachilumphedi. Lachisanu anayamba ndi Chilembwe, n'kudya theka la mphindi limene ndinalibe. Kenako Django, ndi nkhani ya zala. Atafika pa atatu aja anasiya pepala n'kulankhula za m'mutu, za mmene Tuku ndi Masekela ankaimbira limodzi ngati ana a mimba imodzi, ine ndikuwalozera wotchi kuseri kwa galasi. Pomaliza anawerenga zimene ndinalemba: kuti woimba wotsatirayu anabadwira pa famu ku Mazowe nyengo yothyola fodya, chitupa chimati 1 Januwale, mayi ake sanatero, ndipo ife tikumuimbira m'manja lero. Nyimbo ya pa foni ija inalira, ndi madontho ake omwe.

Foni yoyamba inali yodandaula kuti Tuku tamuchitira chipongwe pomupatsa nyimbo imodzi. Zotsatira zinali za anthu ofuna kunena za abambo awo, amalume awo, wina za azakhali ake amene ankatsogolera nyimbo za chimtali pa komboni ku Shamva. Aliyense anali ndi nyengo m'malo mwa deti: chaka cha chilala, nthawi ya msonkho, mwezi wa mango. Nkhani zinatipeza tikadali pa foni, ndipo mkulu wa mapulogalamu anandikumbutsa zimenezo mosabisa mawu.

Ntchito yomaliza ya Lachisanu ndi fomu ya nyimbo zimene taulutsa, imene imathandiza bungwe la ZIMURA kugawa ndalama kwa eni nyimbo. Ya Tuku, ya Masekela ndi ya Django zinalowa mosavuta, zili kale mu kompyuta. Ya agogo inalibe mutu, inalibe chimbale, inalibe nambala. Ndinaimbira mayi uja kuti awafunse mutu wake. Ndinamva akufuula pa mpanda, kenako anabwerera pa foni: akuti sanaipatsepo dzina, koma ngati pali ndalama, aganiza msanga.